Odwala a ng'ala sakubwera ku review ya week 6, ndiye mu audit ndilembe chiyani?

Cataract Surgeon:
Anzanga mwaswera bwanji. Zandikwana, chonde ndigawireni nzeru. Ndikulemba audit ya ma SICS (opaleshoni ya ng'ala yocheka pang'ono) amene tinachita chaka chathachi, ndikufuna ikalowe ku msonkhano wa za maso, mwina kenako ikhale paper. Kaundula wa ku theatre ali bwinobwino, diso lililonse linalembedwa, mphamvu ya IOL (lens yoika m'diso), PCR (kung'ambika kwa kathumba ka lens) pamene inachitika, zonse. VA (muyezo wa mmene munthu akuonera) ya day 1 ilipo pafupifupi kwa aliyense poti timawagoneka. Pavuta ndi pa week 6. Amene anabwera sakufika ndi theka lomwe, ndipo ambiri mwa iwo anabwera ndi madandaulo. Wina cornea idakali ndi mtambo, wina misozi siikuleka, wina akuti "adokotala, sindikuonabe." Ndikawerengera okhawa good outcome (oona 6/18 pa tchati kapena kuposa) ikugwa pansi pa 80% ya WHO ija, poor ikudutsa 5%. Koma ntchito ya manja anga ndikuidziwa. Agogo amene akuona bwino ali kumunda ku Malingunde, ku Kabudula, ku Mitundu, sangalipire kabaza ndi minibasi kudzangondiuza kuti zikomo ndikuona. Manambala a foni amene anasiya, ena sakupezeka, ena ndi a mdzukulu amene ali ku Joni. Kodi ndingatenge VA ya tsiku lotuluka n'kuilemba ngati outcome? Kapena ndilembe week 6 yokhayo, unit yonse ichite manyazi? Abstract ikufunika Lachisanu lino.

Optom:
Funso limodzi kaye achimwene, ine ngati woyeza maso ndi magalasi. Biometry, kuyeza diso kuti mudziwe mphamvu ya IOL, munkachita kwa onse kapena mumangotenga IOL ya 21 kapena 22 imene ili mu kabati?

Cataract Surgeon:
A-scan yoyezera kutalika kwa diso inafa miyezi ingapo pakati pa chaka, nthawi imeneyo tinkaika standard. Koma si zimene ndafunsa.

Optom:
Ndiye yankho lanu ndi limenelo. Musawanamizire agogo a ku Malingunde.

Madala OCO:
Achimwene, ine ngati OCO (clinical officer wa maso) ndikuti tadekhani pang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Maganizo muli nawowo akuti amene sanabwere ndiye akuona bwino, inenso ndinali nawo kale ndili mnyamata. Chaka china tinapeza mafuta a njinga yamoto, tinatenga kaundula n'kuyamba kulondola amene anasowa kumbali ya ku Nsaru. Ena tinawapezadi akupalira fodya, akutiona tikadali patali. Koma sindiiwala agogo ena aakazi amene tinawapeza atakhala pa mkeka pakhonde, chitenje atafunda kumutu masana. Nditatsegula chikope, diso linali litafota kale. Linayamba kuwawa patatha masiku anayi atatuluka, mnansi wawo n'kuwafinyira madzi a masamba m'disomo, zinthu n'kuipiraipira. Nditawafunsa chifukwa chimene sanabwerere anati, "Mwana wanga, ndikanayenda ndi ndani?" Wosaona amalipira mipando iwiri mu minibasi, wake ndi wa womugwira dzanja. Ndiye pakati pa osowawo pali oona bwino kwambiri, palinso amene zinawakanikiratu. Inu muli mu ofesi simungadziwe kuti ochuluka ndi ati. Mawu akuti "anachira n'chifukwa chake sanabwere" asalowe mu paper yanu.

Registrar:
Madala anena zoona. Koma funso la VA yoyambirira linafufuzidwapo kale, pezani PRECOG, inatuluka mu Lancet Global Health mu 2013. Anatenga zipatala 40 m'maiko 10 a ku Asia, Africa ndi Latin America, anayeza VA pasanathe masiku atatu kuchokera pa opaleshoni, n'kuyezanso patadutsa masiku 40. Anapeza kuti VA yoyambirirayo imasonyeza bwino ndithu mmene chipatala chikugwirira ntchito poyerekeza ndi zinzake. App ya BOOST yolondolera zotsatira za opaleshoni ya ng'ala inachokera pamenepo, imagwiritsa ntchito day 1. Ndiye day 1 yanu si yotaya ayi. Koma pali mbali ina imene mwina simuikonda: anapezanso kuti zotsatira za odwala obwera okha osaitanidwa sizinkasiyana kwenikweni ndi za gulu lonse. Choncho week 6 yanuyo musaithamangire kuikana. Komanso simungatenge VA ya day 1 n'kuiyeza ndi 80% ya WHO ngati ndi final outcome. Reviewer adzakubwezerani tsiku lomwelo. Lembani ziwiri zonse, chilichonse ndi dzina lake, ndipo munene poyera kuti angati anasowa.

Optom:
Muwerenge ma study onse amene mukufuna, koma popanda biometry mukungolota. Mukalakwitsa axial length (kutalika kwa diso) ndi 1 mm yokha, refraction imasochera ndi ma dioptre pafupifupi atatu. Nanga amene simunamuyeze n'komwe? Munthu wa diso lalitali mwamuika 22, opaleshoni yokongola, cornea yoyera ngati madzi a pa mjigo, koma pa tchati akuima pa 6/60. Amenewo amathera pa mpando wanga, ndimawaona sabata iliyonse.

Sisitala Theatre:
Adokotala, musanakangane za manambala, ndani ankayeza VA imeneyo? Ndikufunsa chifukwa ndimaona zimene zimachitika m'mawa wa day 1. Pad yangochotsedwa kumene, tetracycline adakali mbuu m'diso, pupil idakali yotanuka, agogo sanadye phala, wophunzira wawaimika kale kutsogolo kwa tchati. Tchaticho chili m'khonde mopanda kuwala, magetsi akazima ndiye basi. Mamita 6 aja palibe anayezapo ndi tepi, timangoti "imani apa pali mng'alu wa simenti." Ndipo akuluakulu athu ndi aulemu, ukaloza E amangoti "eee, ndikuona mwanawe," wophunzira n'kulemba 6/18. Ine ndinadula E pa katoni ya magolovesi, ndimawapatsa m'manja kuti azitembenuza okha monga akuonera pa tchatipo. Zimatenga nthawi koma ndi pamene umadziwa zoona. Pinhole yathu, kachipangizo ka kabowo kosuzumirapo poyeza VA, inasowa mwezi wathunthu ndipo palibe anadandaula, ndiye column ya pinhole mu kaundula wanu muione bwino, mwina muli manambala ongokopera.

Cataract Surgeon:
Asisitala apo mwandilasa. Column ya pinhole ili ndi mipata yambiri, ndipo pena VA ya unaided ndi ya pinhole n'zofanana mzere wonse, anthu khumi otsatizana. Ndinaziona koma ndinangodutsa. Ndiye ndichotse amene anali ndi glaucoma ndi shuga? Alipo angapo amene disc (mutu wa mtsempha wa diso) inali yoyera kale, tinachita chifukwa achibale anachonderera.

Registrar:
Musachotse munthu chifukwa choti wakuipitsirani manambala. Ngati munalemba comorbidity (matenda ena amene anali nawo) opaleshoni isanachitike, mutha kuonetsa magulu awiri, onse pamodzi kenako opanda comorbidity. Koma ngati mukufuna kubwerera m'mafayilo lero kukasaka chifukwa pa okhawo amene sanaone bwino, kumeneko n'kuphika manambala. Poor outcome iliyonse muipatse chifukwa chimodzi mwa zinayi zija: selection, surgery, spectacles, sequelae. Mukatero mudziwa ngati vuto lili pa kusankha odwala, pa tebulo, pa magalasi kapena pa zobwera pambuyo monga PCO (mtambo wobwera kuseri kwa IOL).

Optom:
Ndipo mudzapeza kuti mulu waukulu uli pa spectacles. Ndanena kale. Gawani miyezi imene A-scan inkagwira ndi imene inafa, muone nokha.

Madala OCO:
A Optom, tamva. Koma si diso lililonse limene lavuta chifukwa cha biometry. Ine ndinayamba ntchito nthawi ya ICCE, tinkatulutsa lens yonse n'kumupatsa munthu magalasi a +10, ochindikala ngati pansi pa botolo. Akasweka kapena mbuzi ikawaponda, munthu uja wabwerera mu mdima. IOL ya standard itafika tinaona ngati kumwamba kwatseguka. Sindikuti tibwerere kumeneko, koma vitreous (madzi olenda a mkati mwa diso) ikatuluka n'kusiyidwa pa bala, biometry yanu siingamupulumutse.

Optom:
Madala ndimakulemekezani, koma nthawi imeneyo inapita. Kuyambira 2021 World Health Assembly inavomereza kuti tiziyang'ana effective cataract surgical coverage (mwa ofunika opaleshoni ya ng'ala, angati anachitidwa n'kuona bwino), ikwere ndi ma percentage point 30 pofika 2030, ndipo good outcome yake ndi 6/12, osati 6/18. Pa 6/18 mutha kuzembera ndi standard lens. Pa 6/12 n'kovuta kufika popanda zida za biometry, keratometer ndi A-scan. Ndi zomwezo ndikunena kuyambira mmawa.

OCO wa kuboma:
Ine chenjezo langa lili pena. Mwati mwina ikhale paper, chilolezo muli nacho? Audit ya mkati mwa chipatala ndi nkhani ina, koma mukafuna kusindikiza, journal idzafunsa nambala ya approval ya komiti yololeza kafukufuku, ya NHSRC kuno ku Lilongwe kapena COMREC ku Blantyre. Mnzanga wina anatolera data chaka chathunthu, analemba bwino kwambiri, anakagwa pa funso limenelo. Ndipo ngati muyambe kuimbira odwala kapena kuwalondola m'midzi chifukwa cha kafukufuku, consent ikufunika. Chinanso, kaundula ameneyo musamujambule n'kutumiza pano kapena kwa wokuthandizani statistics maina ali poyera. Muli maina a anthu, midzi yawo, ena mpaka status yawo.

TT Surgeon:
Nkhani ya follow-up ife a trachoma inatisautsa zaka zambiri. Chimene chinatithandiza si foni ayi, ndi ma HSA ndi mafumu. Umapereka maina kwa alangizi a zaumoyo a dera limenelo, umanena tsiku, anthu umakawapeza pa health centre yawo kapena pansi pa mtengo pa bwalo la amfumu. Sitinkadikira kuti abwere ku Lilongwe. Ndipo kulondola n'kumene kumaphunzitsa. Ku Ethiopia anachita trial imene inatuluka mu 2016, kuyerekeza PLTR ndi BLTR, njira ziwiri za opaleshoni ya chikope, patatha chaka nsidze zinabwereranso kukanda diso mwa 13% a PLTR ndi 22% a BLTR. Akanangoyang'ana tsiku lochotsa ulusi, njira ziwirizo zikanaoneka zofanana. WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la dziko, koma mpaka lero ndimakumanabe ndi amayi amene ndinawachita kale, akuzula nsidze ndi kachitsulo kobisa pa mfundo ya chitenje. Ndikawaona ndimafuna kudziwa kuti ndinalakwitsa pati.

Cataract Surgeon:
Za ma HSA ndazimva, koma mafuta ndiwatenga kuti pofika Lachisanu? Komanso ino ndi nthawi ya dzinja, misewu ya kumeneko galimoto siidutsa.

Sisitala Theatre:
Ngakhale mutapita simuwapeza pakhomo, onse ali kumunda kubandira. Review ya miyezi ya mvula imakhala yopanda anthu chaka chilichonse. Ife tinayesapo kuwauza kuti magalasi owerengera adzalandira pa week 6, osati potuluka. Amayi a mvano ofuna kuwerenga Baibulo ndi kulowetsa ulusi pa singano anabwera ndithu. Magalasi atatha, anthunso analeka.

Optom:
Magalasi owerengera sakonza munthu amene mwamusiya pa -4.

OCO wa ku mission:
Pepani ndalowa mochedwa. Nkhani ya agogo a diso lofota ija yandikhudza, ifenso tinataya diso limodzi chaka chatha ndi endophthalmitis (tizilombo kulowa mkati mwa diso), bambo wa diso limodzi lomwelo. Kodi anzathu mukuika intracameral (antibiotic wolowetsa mkati mwa diso pomaliza opaleshoni) kwa aliyense? Study ya ESCRS (bungwe la madokotala a ng'ala ku Ulaya) ya 2007 inaonetsa kuti cefuroxime imachepetsa endophthalmitis pafupifupi kasanu, ndipo a Aravind ku India anaonetsa phindu lalikulu ndi moxifloxacin. Ife timangodalira povidone iodine ndi subconj.

Registrar:
Cefuroxime ndi 1 mg mu 0.1 ml, koma chonde samalani posungunula. Kuchoka pa vial ya 750 mg kufika pamenepo pali masitepe awiri, ndipo munthu akalakwitsa kamodzi list yonse ya tsikulo imadzuka ndi macular oedema. Asungunule munthu mmodzi wodziwa, wina aziyang'ana, ndondomeko ikhale yomata pakhoma. Moxifloxacin nayenso si botolo lililonse la madontho limene mungalowetse m'diso, lokhala ndi preservative limawononga endothelium.

Sisitala Theatre:
Ndipo povidone akhale mphindi zitatu zenizeni, osati kuthira n'kupukuta pompo chifukwa list yatalika.

OCO wa ku mission:
Zikomo. Nanga moxifloxacin wopanda preservative mukumupeza kuti muno mu Lilongwe? Ndipo ngati wina ali ndi Simcoe (chida chotsukira ndi kuyamwira m'diso) yapadera atibwereke, yathu yatsekeka, list ili Lachitatu.

Optom:
Inenso ndikufuna wodziwa kukonza probe ya A-scan, ngati alipo pano andipeze ku inbox.