Buku la nkhondo ya ku Hamgyong: ndigule kapena ndisiye?

Nabanda: Anthuni, mnyamata wina wa mabuku a kaunjika ali ndi buku lonenepa la nkhondo ya mu 1592, pomwe asilikali a Toyotomi Hideyoshi, mtsogoleri wa dziko la Japan, adalowa m'dziko la Korea. Mbali yaikulu ikukamba za Kato Kiyomasa, mmodzi wa akuluakulu a asilikaliwo, mmene adagonjetsera chigawo cha Hamgyong, kumpoto chakum'mawa kwa Korea. Akuti K30,000, kutsitsa wakana. Ndigule?

Aphiri: Ndalama yonseyo, mayi? Kato adatsikira ku Busan, Seoul idagwa mwezi usanathe, iye n'kukhotera kumpoto chakum'mawa. Ndakuuzani ulele, mungonditumizira ya bando.

Achisale: Aphiri, mwathamanga ngati Katoyo. Nkhani ili ku Hoeryong, tauni ya m'chigawomo. Ana awiri a mfumu Seonjo ya ku Korea, Imhae ndi Sunhwa, sadagwidwe ndi Ajapani ayi. Adawamanga ndi Akoreya anzawo, motsogozedwa ndi Guk Gyeong-in, n'kuwapereka kwa mdani. Kumpotoko n'komwe boma linkataya anthu olakwa, ndipo eni dera ankamanidwa maudindo. Mkwiyo unalipo kale. Buku lofotokoza zimenezo n'loyenera mtengo wake.

Nabanda: Ine ndangoona mapu ndi za ku Haejongchang, pomwe Ajapani adabisala kuseri kwa matumba a mpunga a m'nkhokwe n'kumawomba mfuti okwera pamahatchi a Han Kuk-ham, mkulu wa asilikali a Korea.

Aphiri: Mwaona? Buku lotamanda Kato limenelo. Kenako likuuzani kuti adawoloka mtsinje wa Tumen kukaputa Ajurchen, mtundu wa anthu a kutsidyako, inu muziwomba m'manja.

Achisale: Apo mwanena zoona. Mayi, tsegulani kumapeto, pa mndandanda wa mayina, mufunefune Jeong Mun-bu. Ndiye adasonkhanitsa anthu wamba n'kupanikiza Ajapani ku Kilju m'nyengo yozizira, mpaka kumayambiriro kwa 1693...

Achisale: Pepani chala, 1593. Chaka chimenecho Ajapani adachoka m'chigawomo. Ngati dzinalo mulibe, bukulo ndi latheka, musaperekepo ngakhale K10,000.

Nangondo: Ndiwonjezereko. Mwala wokumbukira kupambana kwa Jeong Mun-bu, wotchedwa Bukgwan, Ajapani adautenga mu 1905 n'kukauika ku kachisi wa Yasukuni ku Tokyo. Udabwezedwa ku South Korea mu 2005, n'kuwolotsedwa kupita ku North Korea mu 2006. Ngati bukulo lidasindikizidwa kale, izi simuzipezamo.

Nabanda: Mawa ndikaona chaka chake ndi dzinalo. Zikapezeka ndimuuza K20,000.

Aphiri: Muwerengenso masamba, mayi. Mabuku ena a kaunjika, masamba apakati amakhala atakulungira mandasi.