Saluni ya amayi kuseri kwa msika: tilandire malata a ashado kapena ayi?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse, a kumudzi ndi a kunja. Nkhani ya saluni yophunzitsira atsikana ndi amayi ija yafika poti tigamule. Malo amfumu anatipatsa kale kuseri kwa msika, njerwa tinawotcha, zatsala ndi malata, simenti ndi zida. Tsono dzulo kwabwera uthenga. Bambo wina amene akufuna kudzapikisana nawo pa mpando wa phungu kuno akuti agula malata onse ndi madraya awiri. Pempho lawo ndi lakuti khoma lipakidwe penti wa mtundu wa chipani chawo, ndipo tsiku lotsegulira adzadule riboni ndi iwowo. Dzina sinditchula, mukuwadziwa nonse. Tiyeni timve maganizo, mwaulemu chonde.

Msungichuma: Ine ndinanena kale ku komiti. Zomwe zili m'thumba zikukwana simenti ndi amisiri basi. Tikakana malatawa, njerwa zija zigonanso chaka china pamtetete, ndipo mukudziwa momwe njerwa zimamerera miyendo usiku kwathu kuno. Penti amasuwa ndi mvula ziwiri. Malata amakhala.

Atsibweni a ku Area 25: Ndinanena ine kuti tikumbe mjigo. Mjigo sufuna draya.

Wapampando: Atsibweni, za mjigo tinavota chaka chatha, tisazidzutsenso.

Nabanda (Indiana): Zikomo a Wapampando. Ndikhululukireni, uthenga wanga utalikirapo. Mwezi watha tinachoka kuno ku South Bend, ku Amereka, ndi anzanga kupita ku Indianapolis, ndipo tinakaona nyumba ina pa msewu wa Indiana Avenue yotchedwa dzina la Madam C.J. Walker. Mayi ameneyu dzina lake lenileni linali Sarah Breedlove, anabadwa mu 1867 ku Louisiana, makolo ake anali atakhalapo akapolo. Kwa zaka zambiri ankachapa zovala za anthu ku St. Louis. Kenaka anayamba kugulitsa mafuta a tsitsi a mayi wina wachikuda, Annie Malone, asanayambe kupanga ake. Mu 1910 anasamutsira bizinesi yake ku Indianapolis, namanga fakitale, naphunzitsa amayi zikwizikwi kusamala tsitsi ndi kugulitsa mafuta khomo ndi khomo.

Chomwe chinandigwira mtima si chuma chake ayi. Mu 1917, anthu akuda ambiri ataphedwa pa zipolowe za ku East St. Louis, amayi ogulitsa mafuta akewo anasonkhana ku Philadelphia, natumiza telegalamu kwa Pulezidenti Woodrow Wilson yopempha lamulo loletsa mchitidwe woti gulu la azungu lizingogwira munthu wakuda n'kumupha popanda mlandu. Mu 1919, chaka chomwe anamwalira, iye analonjeza madola 5,000 ku NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, othandizira nkhondo yomweyo. Tangoganizani amayi akuda akulembera Pulezidenti m'nthawi imeneyo. Anatha kutero chifukwa mphika wawo sunkadalira bwana aliyense. Ogula anali akuda anzawo, ndalama inali yawoyawo. Ndiye ine ndikuti saluni ikapakidwa mtundu wa munthu, pakamwa pa amayi ogwira ntchito mmenemo papakidwanso.

Jere wa kabaza: Achemwali, Amereka ndi Amereka. Mayi mukunenayo anali ndi fakitale. Ife tikukamba za chipinda chimodzi chopanda denga.

Nabanda (Indiana): Chabwino achimwene, siyani wa fakitaleyo. Tengani Bernice Robinson wa ku Charleston, South Carolina, wokonza tsitsi wamba. Nthawi imeneyo munthu wakuda kumeneko, ngati analibe malo okhomera msonkho, ankayenera kuonetsa kuti amatha kuwerenga asanalembedwe m'kaundula wa mavoti. Bambo wina woyendetsa basi, Esau Jenkins, ankaphunzitsa okwera basi yake ali paulendo, koma anaona kuti pakufunika sukulu yeniyeni ya akuluakulu. Mphunzitsi wodziwa ntchito analipo, Septima Clark, wachibale wake wa Bernice, koma iyeyo anali atachotsedwa ntchito ya uphunzitsi mu 1956 chifukwa chokana kutuluka mu NAACP. Mukuona vuto la ntchito yolembedwa? Atafuna woti ayambitse kalasi, anasankha Bernice, yemwe analibe satifiketi ya uphunzitsi. Zifukwa zinali ziwiri: ntchito yake inamuzoloweza kumvetsera anthu osawanyoza, komanso panalibe mzungu woti angamuchotse ntchito. Kalasi inayamba mu Januwale 1957 pa chilumba cha Johns Island, m'chipinda cha kumbuyo kwa sitolo, ndi anthu 14. Ankaphunzira kulemba mayina awo, kulemba mafomu otumizira ndalama, ndi kuwerenga ndime za malamulo zomwe ankafunsidwa kokalembetsa. Chipinda chimodzi chomwecho, achimwene. Sukulu zotere zinafalikira m'zigawo za kummwera kwa dzikolo, mpaka lamulo la 1965 linathetsa mayeso aja.

Jere wa kabaza: Ndamva. Koma chipinda chawocho chinali ndi denga 😂

Msungichuma: Mwandilankhulira Jere.

Aphunzitsi opuma: Nabanda mwana wanga, wayankhula bwino, koma ndikuwonjezere za kuno, poti ena angaganize kuti amayi olimba mtima anali kutsidya kwa nyanja kokha. Tulutsani K200 m'thumba muone nkhope ili pamenepo. Ameneyo ndi Rose Chibambo. Anasonkhanitsa amayi mu Nyasaland African Congress m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1959 atsamunda anamutsekera ali ndi khanda m'manja. Ufulu utabwera, mkangano wa nduna wa 1964 unamuthamangitsira ku Zambia kwa zaka pafupifupi 30. Pambuyo pake amayi m'ndale anasanduka chiyani? Enafe tinaona ndi maso. Amayi athu ankakwezedwa pa malole, atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kukavina tsiku lonse padzuwa. Matipate atabwera mu 1994 tinati zatha, koma zinangosintha mitundu ya nsalu. Mayi amavina, bambo amalankhula pa maiki. Ndicho chifukwa penti ameneyu sakundisangalatsa. Tsiku lodula riboni, ndani adzavine kutsogolo? Ndi atsikana omwewo tikuti tikuwaphunzitsa kudziimira paokha.

Atsibweni a ku Area 25: Aphunzitsi, ndiye mukufuna saluni ikhale ofesi ya ndale? Ine mkazi wanga akapita kukaluka tsitsi abwere ataluka tsitsi, osati atadzaza mutu ndi manifesito.

Anaphiri a ku Joni: Hahaha atsibweni, mukuganiza kuti panopa akaluka tsitsi amakhala chete? Ine ndili ndi saluni kuno zaka zingapo tsopano. Kuluka mesh yaing'onoing'ono kumatenga maola asanu, nthawi zina kuposa. Munthu wakhala pampando, mutu uli m'manja mwako, sangathawe. Amakuuza zonse: za mapepala ake, za mwamuna womumenya, za bwana wosalipira. Ine ndatumizapo atsikana angapo kwa anthu othandiza pa malamulo, chonsecho anabwera kudzangoika wigi. Zomwe akunena Nabanda ndazimva mpaka m'mafupa. Koma ndikuchenjezeni pa za madraya. Draya wokhala ngati chipewa uja amadya magetsi kwambiri, sola wamng'ono sangamukoke. Ndi momwe magetsi amazimira kwathuko, madraya a ashadowo adzangokhala zokongoletsa zojambulitsirapo zithunzi. Poyambira pamafunika magalasi, mipando, beseni lotsukira tsitsi, zipeso, matawulo, mitu ya zidole yophunzirirapo, ndi thanki ya madzi. Kuluka sikufuna magetsi.

Msungichuma: Anaphiri, zonsezo n'zoona, koma popanda denga magalasiwo tiwapachika mu mtengo wa mango?

Mayi a Mapasa (kumudzi): Mu mtengo wa mango ndi momwe galasi langa lili panopa, a Msungichuma, ndipo ndadyetsa nalo ana anayi. Pepani ndachedwa kuyankha, bandulo inatha. Ndawerenga zonse. Ine ndine mwandisankha kuti ndidzaphunzitse atsikanawa, ndiye mundilole ndinene zanga.

Makasitomala anga odalirika ndi anamwino a pachipatala, aphunzitsi achizimayi, ndi akazi a apolisi. Amenewa ndiwo amalipira pamapeto a mwezi osakongola. Wantchito wa boma sangalowe m'nyumba yopakidwa mtundu wa chipani n'kukhalamo maola asanu anthu akudutsa akumuona. Ena onse a pamsika nawo ndi a zipani zosiyanasiyana. Mukapaka penti, mwandichotsera theka la anthu tsiku lomwelo. Ndiye ashadowo akadzagwa pa chisankho, wopambanayo adzaiona nyumbayo ngati ya adani. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka.

Komanso inu a kunja musatisenzetse katundu yemwe sitinapemphe. Nabanda, nkhani zako ndazikonda, koma ine si Bernice uja. Sindikufuna tsiku lina ndidzamve kuti gulu lakonza zoti m'saluni muzichitikira misonkhano Lachitatu lililonse. Zomwe zimachitika kale pansi pa mango paja ndi izi: mayi amandipatsa foni kuti ndimuwerengere uthenga wa ndalama zomwe mwana wake watumiza, wina amafunsa kuti chiphaso cha unzika chikatayika amayambira pati, wina dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa feteleza ndipo akuopa kukafunsa yekha. Nthawi ya kalembera wa mavoti ndinaperekeza agogo atatu amene ankachita manyazi kuti sadziwa kusaina. Sindinawafunse kuti adzavotera ndani, iwonso sanandifunse. Amandikhulupirira chifukwa sanandionepo nditavala nsalu ya munthu.

Nabanda (Indiana): Amayi, mwandidzudzula bwino, ndalandira. Zomwe mukuchitazo ndi zomwezo ndimanena, kungoti inu mwazichita ine ndangowerenga pakhoma la nyumba ya eni.

Aphunzitsi opuma: Ndiwonjezere kamodzi ka malamulo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa wopikisana pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Kaya malata a saluni akulowa m'gulu limenelo, akatiuze odziwa malamulo a pagulu pano. Koma mphatso yobwera ndi lamulo la mtundu wa penti yadziulula yokha chomwe ikufuna.

Jere wa kabaza: Aphunzitsi, lamulolo lilipo papepala, koma ma K2,000 timawaona akuuluka pamisonkhano. Komabe mawu a Mayi a Mapasa andigonjetsa. Akazi a apolisi aja ndimawanyamula ndine kupita nawo ku mango kuja. Akasiya kupita, inenso ndaluza.

Msungichuma: Nonse mwalankhula zokoma, koma palibe amene wanena kuti malata achokera kuti. Ine ntchito yanga ndi kuwerenga ndalama. Komanso tisadzinamize kuti tikakana ashado ndiye kuti amayiwa ndi mfulu. Malo ndi a amfumu. Ndalama ndi za gulu lino, lomwe ambiri olamula ndife abambo okhala m'tauni. Amayi a ku Amereka aja saluni zinali zawozawo. Iyi ndi ya ndani? Tikadzakangana pagulu pano, Mayi a Mapasa sitidzawalanda makiyi?

Anaphiri a ku Joni: Eya! Funso limeneli ndiye lenileni, ndipo ladutsa la penti.

Mayi a Mapasa (kumudzi): Ndimaopa kulifunsa ndekha. Ife a banki mkhonde tinakambirana kale kuti ngati n'kotheka nyumbayo ilembedwe m'dzina la gulu la amayi, inu mukhale otithandiza. Tikhoza kusonkhako malata angapo tikagawana ndalama mu Disembala. Onse sitingathe.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba, a Mlembi alembere bambo aja kalata yaulemu: malata tilandira ngati mphatso yofanana ndi ya wina aliyense, dzina lawo lidzawerengedwa pamodzi ndi onse osonkha, penti adzasankha amayi eni ake, riboni adzadula amfumu. Akavomera, tithokoza. Chachiwiri, za umwini wa nyumba tizikambe Loweruka pa msonkhano wa pafoni, ndipo Mayi a Mapasa abwere ndi anzawo awiri a banki mkhonde. Bandulo yawo igulidwe ndi gulu.

Msungichuma: Bandulo ndigula. Koma ndikubetcha nkhuku kuti kalatayo sadzayankha.

Anaphiri a ku Joni: Ine ndatumiza mitu ya zidole inayi ndi katoni ya mesh pa basi ya Lachisanu, yodzera pa Dedza. Ndani akalandire pa boma?

Jere wa kabaza: Ndikalandira ndine. Koma mitu ya zidoleyo muikulunge bwino achemwali, anthu angandione nayo pa njinga n'kundigenda.

Atsibweni a ku Area 25: Malata awiri alembeni pa dzina langa. Za mjigo ndidzazidzutsa chaka chamawa.