Nditenge banja lonse ku Botswana kapena nditsogole ndekha?

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene munaphunzitsako kunja, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa masamu kuno ku Kasungu, ndipo ndapeza ntchito pasukulu ina yoyima payokha ku Francistown. Akundifuna mu Januwale.

Chandisowetsa tulo ndi mwana wanga wamkazi. Ali mu Sitandade 8, kalasi yomwe wangoiyamba mu Seputembala. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, komanso pulayimale imathera mu Sitandade 7. Ndimuchotse pakati pa chaka, kapena atsale ndi agogo ake ku Santhe mpaka alembe mayeso omaliza a pulayimale a PSLCE? Usiku amakhala pamphasa ndi mapepala a mayeso akale, katochi kali m'manja, mtima wonse uli pa kusankhidwira ku sekondale yogonera komweko. Kumusiya kukundiwawa, kumutenganso ndikuona ngati ndikumulakwira.

Mlongo wake ali ndi zaka 6, Chingerezi sanachigwire. Ana anu anachedwa kuzolowera Setswana?

Nanga mayi akunyumba, omwe amagulitsa zitenje mumsika, chilolezo chokhala nane kumeneko chidzawalola kuchita geni? Anazolowera kugwira ndalama yawoyawo, ndipo sindikufuna akangokhala phee m'nyumba ya lendi kudziko la eni.