Chingerezi chokha chamutsekera njira ya kuyunivesite, tipange bwanji?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wa achemwali anga kuno ku Lizulu, Ntcheu, walemba MSCE ndipo wakhoza bwino ndithu: Masamu 2, Bayoloje 3, Agirikacha 2. Koma Chingerezi wapeza 7, yomwe ndi pasi chabe. Paja NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, imafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kuti giredi 1 mpaka 6 pa phunziro lililonse, kuti munthu aganiziridwe malo kuyunivesite za boma monga LUANAR komwe mtsikanayu akulozera.

Funso langa loyamba: akalembetsa ku MANEB ngati ekisitena, angabwereze Chingerezi chokha n'kuphatikiza ndi zotsatira zachaka chino, kapena ayenera kulembanso maphunziro onse? Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mayi ake ndalama amapezera kugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsika, sangathe fizi ya chaka chonse pasukulu yapulaiveti.

Chachiwiri ndi kakonzekeredwe. Galamala alibe nayo vuto. Chimamuvuta ndi chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani. Ndinaona kope lake, ndime yonse chiganizo chimodzi, mpumiro osaoneka mpaka pansi. Kusukulu kwawo buku la litiretcha limodzi ankagawana ana ambirimbiri, moti ine sindimuimba mlandu mwanayu.

Alipo amene akudziwa mphunzitsi wodalirika wa Chingerezi kufupi ndi kuno, kaya ku Ntcheu boma kapena ku Dedza, amene amachongadi ntchito ya mwana osati kungolembetsa manotsi? Amalipiritsa zingati pamwezi? Amene munabwerezapo Chingerezi n'kupeza kirediti, tiuzeni munatani.