Dzanzi ku zala zakumapazi, pyridoxine kulibe: ndimutumize kapena ndimusunge?

Nachisale (MA, medical assistant): Anzanga thandizeni msanga, mzere wa OPD (odwala osagonekedwa) wafika panja. Ndili ndi pesheniti wa zaka za m'ma 40, wa kabaza ya njinga yakapalasa. Ali pa ma ARV a 13A kuyambira kale, VL (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) yomaliza inali bwino. TB tinamuyambitsa RHZE (mankhwala anayi a TB ophatikiza), ali mwezi wachiwiri. Lero akuti zala zakumapazi onse awiri zachita dzanzi, usiku mapazi amatentha mpaka amawatulutsa m'bulangete, patapata amavuka iye osamva. Pyridoxine (vitamini B6, woteteza mitsempha) ku pharmacy kulibe, order ya mwezi uno sinabwere naye. Glucometer (makina oyezera shuga) ilipo koma ma strip ake oyezera ndi a mtundu wina. Choopsa, akuti mankhwala a TB ndiwo akumupha miyendo ndiye akufuna kusiya. Ndimutumize ku boma kapena ndimusunge? Thiransipoti alibe, wanena kale.

Madala Mbewe: Shuga ameneyo. Muyezeni shuga.

Nachisale (MA): Madala, ndanena kuti ma strip palibe.

Jere (CO, clinical officer): Achemwali, musanaganize za ambulansi muvuleni nsapato kaye. Dzanzilo lili chimodzimodzi mbali zonse? Lalekezera pa zala kapena likukwera? Lakwera pa masabata kapena pa masiku? Muyendetseni ndi zidendene, kenako ndi zala, muone mphamvu. Gwirani pulse pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, mumve ngati phazi lina likuzizira kuposa linzake. Mufunsenso za msana ndi mkodzo. Ngati ndi mbali zonse, lakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi, mphamvu zilipo, pulse ilipo, woyamba kumuganizira ndi INH (isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a mu RHZE). Munthu wa HIV yemwe akumwa INH popanda B6, zimenezi sizodabwitsa.

Sister NaPhiri: Ana a masiku ano simunazione za dzanzi inu. Ife tinagwira nthawi ya ma ARV a 1A, Triomune uja wa stavudine, pomwe ma ARV aulere ankayamba mu 2004. Pa benchi ya kiliniki umapeza anthu akuyenda monyang'ama, masaya atalowa, onse dandaulo limodzi: mapazi, mapazi. Ukaphatikiza ndi mankhwala a TB ndiye zinali zomvetsa chisoni. Mayi wina anabwera ndi chilonda pachidendene chonse, anaponda khala la mbaula osamva kanthu, anazindikira ndi fungo. Zinayamba kuchepa 5A (ma ARV opanda stavudine) atabwera, amayi oyembekezera mu 2011, ena onse pambuyo pake. Ndiye yang'anani mu health passport mwake, ngati anayamba ma ARV nthawi ya 1A mwina dzanzi linalipo kale, INH wangolidzutsa.

Madala Mbewe: Sister, mbiri yabwino, koma 1A kulibenso. Shuga alipo. TB ndi shuga zimayendera limodzi, aliyense wa TB amayenera kuyezedwa shuga poyamba mankhwala. Anayezedwa?

Nachisale (MA): M'buku simunalembedwe RBS (shuga woyezedwa nthawi iliyonse, kaya munthu wadya kapena ayi). Ndamuvula nsapato: mphamvu zili bwino, akuyenda ndi zidendene, pulse mbali zonse ilipo, chilonda palibe koma ming'alu yambiri. Msana akuti sukupweteka, mkodzo bwinobwino. Monofilament (kachingwe koyezera ngati phazi likumva) ndilibe, musandifunse.

Jere (CO): Monofilament ya 10 g ikasowa chala chanu chikwanira, Ipswich touch test ija. Atsinzine, inu mukhudze pang'ono nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu phazi lililonse, sekondi imodzi kapena ziwiri. Osadinikiza, osakanda, osabwereza. Akaphonya ziwiri kapena kuposa mwa zisanu ndi chimodzizo, phazilo silikudziteteza. Mulembe m'buku zala zimene waphonya kuti wodzamuona mwezi wamawa adziwe ngati zikukwera.

Gondwe (pharmacy): Mwafunsa ku ART, ku kiliniki ya ma ARV? Malo ambiri pyridoxine wobwera ndi 3HP (mankhwala oteteza TB) amasungidwa kwa okha, ku pharmacy yaikulu angakuuzeni kuti kulibe pomwe katoni ili mu kabati ya ku ART. Kukapanda, imbirani malo oyandikana nawo akubwerekeni, mulembe bwino pa stock card. Ndipo chonde musamupatse B-co (vitamini B complex) n'kumati mwathana nazo. Werengani pa botolo, B6 wake amakhala 2 mg kapena pamenepo. Woteteza timapereka 25 mg pa tsiku, ndipo dzanzi likayamba kale mlingo umakwera, onani mu guideline ya TB.

Sister NaPhiri: Koma osakwezanso mopenga. Ndinalandirapo munthu amene ankagula B6 yekha ku sitolo ya mankhwala n'kumamwa milingo ikuluikulu miyezi yambiri, poti anamva kuti ndi wa mitsempha. B6 wochuluka amabweretsa dzanzi lomwelo.

Madala Mbewe: Mupereke B6 yense wa m'dziko muno, ngati shuga ali pa 300 mukuthira madzi m'dengu. RBS ya 200 mg/dL kupita m'mwamba ndi zizindikiro, kapena fasting (munthu asanadye) ya 126, nkhani yatha. Akukodza kangati usiku? Ludzu? Mwamufunsa?

Nachisale (MA): Akuti amadzuka kamodzi basi. Ludzu la munthu wopalasa njinga padzuwa ndingalisiyanitse bwanji, Madala?

Madala Mbewe: N'chifukwa chake pali glucometer.

Chirwa (HSA, mlangizi wa zaumoyo kumudzi): Pepani akuluakulu kulowerera. Mumuvulenso malaya. Ife kumudzi kuno khate timakumana nalobe, ngakhale anthu amati linatha. Muone ngati pali zigamba zotuwa kapena zofiirira pakhungu zomwe sakumva mukazikhudza ndi thonje, mugwirenso mtsempha wa kunja kwa bondo ndi wa kuseri kwa kakolo ngati wakula. Agogo ena kuno anamwa mankhwala a mapazi otentha nthawi yaitali, pomwe chigamba chinali kumsana, palibe anawavula. Pofika pa MDT (mankhwala a khate) zala ziwiri zinali zitapita.

Jere (CO): A Chirwa anena zoona, ngakhale khate kawirikawiri siligwira mofanana mbali zonse. Mufunsenso za mowa, koma mofatsa, akayamba kukana mufunse akazi ake. Kachasu amawononga mitsempha payekha, ndipo pa RHZE chiwindi chili kale pa ntchito. Funsaninso ngati wamwa metronidazole nthawi yaitali.

Za kutumiza, ine mzere wanga ndi uwu. Dzanzi la mbali imodzi lobwera mwadzidzidzi, pakamwa kupindika, mawu kusokonekera, mkono kufooka: sitiroko, ambulansi pompo. Kufooka kokwera kuchoka kumapazi pa masiku ochepa, munthu kulephera kudzuka pampando: musadikire kuti kufike pachifuwa, ameneyo angafune makina opumira. Msana kupweteka, dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo kukanika kapena kungotuluka wokha: pa munthu wa TB ganizani TB ya msana, atumizidwe tsiku lomwelo. Phazi lozizira, lotuwa, lopweteka, lopanda pulse ndi la maola, si la mawa. Chilonda, chala chakuda kapena mafinya, chimodzimodzi. Wanuyu zonsezi alibe, ndiye ndingamusunge, B6 apezeke sabata ino, abwerenso pakatha masabata awiri. Likakwera kufika m'maondo kapena kuyamba m'manja ngakhale akumwa B6, apite akaonedwe ndi a TB ku boma. Koma INH musamuchotse nokha, ndipo iyeyo asasiye kumwa. Mumuuze mosabisa kuti mwina ndi mankhwaladi, chothandiza chilipo. Mukamukanira kuti si mankhwala, akasiya mwakachetechete kunyumba.

Sister NaPhiri: Amitriptyline mukafuna kumupatsa chifukwa cha kutenthako, usiku wokha, kamlingo kochepa, ndipo mumuchenjeze za tulo. Munthu wonyamula anthu panjinga m'mamawa ameneyo. Ndipo asapalase ndi patapata, apeze nsapato yotseka, azigwedeza nsapato asanavale, aziona pansi pa mapazi madzulo alionse. Madzi osamba ayese ndi dzanja. Nyengo yozizira ino asaothe moto ndi mapazi.

Madala Mbewe: Zonsezo ndi malangizo a phazi la munthu wa shuga. Mukungozungulira. Atumizidwe akayezedwe.

Jere (CO): Madala, palibe wakana kuyeza. Tikukana kumulipiritsa thiransipoti lero chifukwa cha strip imodzi. Akayezedwe tsiku lokatenga mankhwala kapena ma strip akapezeka.

Madala Mbewe: Akapezeka liti? Ine ndinadula zala za anthu amene ankadikira ma strip.

Gondwe (pharmacy): Achemwali a Nachisale, glucometer yanu ndi ya mtundu wanji? Ife kuno zatembenuka, tili ndi mabotolo a ma strip koma makina ake anafa, ndipo akutha ntchito miyezi ikubwerayi.

Chirwa (HSA): Nafenso glucometer yathu batire linatha, tija tozungulira ngati ndalama. Kuli amene akudziwa kogula totchipa?

Sister NaPhiri: Kwa okonza mawotchi kumsika. Koma risiti satulutsa, ndiye ndalama yanu musayembekezere kubwezeredwa.

Gondwe (pharmacy): A Nachisale, tumizani chithunzi cha makinawo, dalaivala wa ma sample akudutsa kwanuko Lachinayi.