Anamzeze awiri aja a pa mlatho wa Chikwawa ndawasiyanitsa tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingasiyanitsire Little Swift ndi White-rumped Swift, anamzeze akuda a banga loyera pamwamba pa mchira. Ndinatsata malangizo oti ndisiye kuyerekeza kukula, poti amangosiyana pang'ono, ndiyambe ndayang'ana mchira.

Zathekadi. Little Swift ndi wojintcha, mchira wake ndi waufupi ngati wodulidwa ndi lumo, ndipo banga lake ndi lalikulu, limatsikira m'mbali moti mumaliona ngakhale akudutsa chapambali. White-rumped ali ndi mchira wa mphanda yakuya, banga lake ndi kamzere kopyapyala ngati mwezi wongooneka kumene. Ambiri amene ndinaona pansi pa mlathowo ndi Little Swift, zisa zawo za nthenga ndi udzu zomata ndi malovu zili thithithi.

Pamene ndinkasokonezekera ndi apa: White-rumped akatseka mchira mphanda ija sioneka, mchirawo umangosongoka ngati msomali. Dikirani akhote, amautambasula. Pitaninso m'mamawa akamauluka chapansi, chifukwa masana dzuwa la kuno kuchigwa limathobwa m'maso.

Mukaona wa mphanda yosazama koma banga lalikulu, makamaka pafupi ndi mauna a m'gombe la Shire, ameneyo ndi Horus Swift.