Kodi zipangizo zothandiza kumva ndizo zikundiwonongera kukoma kwa nyimbo?

Mkondanyimbo:

Ndikupempha nzeru kwa anzanga amene mumavala zipangizo zothandiza kumva koma simunasiye kukonda nyimbo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusonkhanitsa masipika ndi maampulifaya abwino, ndipo makutu atayamba kufooka, makamaka pa mawu opyapyala, ndinagula zipangizo zamakono zimene zandithandiza kwambiri pocheza ndi anthu. Vuto lili pa nyimbo. Chitoliro kapena vayolini zikakoka mawu amodzi kwa nthawi yaitali, mawuwo amanjenjemera ngati woimbayo akulephera kuwagwira. Piyano ikagundidwa mwamphamvu imamveka yosweka. Ndipo besi imasoweratu ndikamamvera kudzera pa Bluetooth. Kodi cholakwika chili m'makutu mwanga kapena m'zipangizomu? Nanga pali chimene katswiri wa makutu angasinthe, kapena ndingozolowera basi?

Wamsitudiyo:

Bambo, zambiri mwa zimene mwafotokozazi zikuchokera ku zipangizozo, chifukwa amene anazipanga anaika mtima pa kulankhula. Munthu akamacheza nanu, mawu ake amakhala pa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 65, pamene nyimbo zoimbidwa pamaso panu zimatha kudumpha madesibelo 100. Zipangizo zambiri, makamaka zakale, zimalephera kulandira bwino phokoso loposa madesibelo 95 kapena chapomwepo, moti mawu amasweka akangolowa pa maikolofoni a chipangizocho asanakwezedwe n'komwe, ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze mawu osweka kale. N'chifukwa chake katswiri wa makutu wa ku Toronto ku Canada, Marshall Chasin, amalangiza kutsitsa voliyumu ya masipika n'kukweza ya chipangizo, kapenanso kumata timizere titatu kapena tinayi ta tepi yoonekera mkati mosanjikiza pa maikolofoni a chipangizocho, zimene zimachepetsa phokoso lolowa ndi madesibelo pafupifupi 10.

Kunjenjemera kwa chitoliro kuli ndi gwero lina. M'chipangizomo muli dongosolo loletsa mluzu uja umene umalira mawu akatuluka m'khutu n'kubwereranso pa maikolofoni. Dongosolo limeneli likamva mawu amodzi oyera ndi otalika, limawayesa mluzu womwewo n'kuyamba kulimbana nawo, ndipo chimene inu mukumva ndi kulimbanako. Dongosolo lochotsa phokoso nalonso limatha kuyesa limba kapena kwaya yokoka mawu kuti ndi kulira kwa injini, n'kuyitsitsa. Palinso dongosolo limene limakweza mawu otsika n'kutsitsa okwera mofulumira kwambiri kuti zolankhula zimveke, koma pa nyimbo limapha kusiyana kwa pamene woimba akunong'ona ndi pamene akufuula, kumene kuli moyo weniweni wa nyimboyo.

Mupemphe katswiri wanu akuikireni pulogalamu yapadera ya nyimbo: achotse dongosolo lochotsa phokoso, achepetse loletsa mluzu mpaka pamene lingapiririke, maikolofoni azimva kuchokera mbali zonse, ndipo kukweza ndi kutsitsa kuja kuzichitika pang'onopang'ono. Ngati anakuyatsirani dongosolo limene limasamutsa mawu opyapyala kuwatsitsira pamene khutu limamva bwino, alizimitse ndithu pa pulogalamu imeneyi, chifukwa limasokoneza mgwirizano wa mawu a zoimbira.

Mayi_wa_piyano:

Ndikugwirizana ndi a Wamsitudiyo, koma sindikufuna kuti a Mkondanyimbo ayembekezere kuti zonse zibwerera mwakale pulogalamu ikangosinthidwa. Mbali ina ya vutoli ili m'khutu momwemo. Timaselo ta mkati mwa khutu tikawonongeka sitimeranso, ndipo kuwonongekako sikungochepetsa mphamvu ya kumva, kumachepetsanso luso la khutu losiyanitsa mawu oyandikana. Chipangizo chingathe kukweza mawu, koma sichingabwezeretse luso limenelo. Ena a ife timamva noti imodzi mosiyana pang'ono m'khutu lamanja ndi lamanzere, ndipo ambiri timapeza kuti mtunda wa pakati pa mawu osamveka ndi mawu opweteka wafupika kwambiri. Ineyo ndikagunda makiyi a kumapeto kwa dzanja lamanja, ndimamva kugogoda kwa kanyundo kuposa noti yake, ndipo palibe chipangizo chimene chinathetseratu zimenezi.

Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kumuuza katswiri kuti nyimbo "sizikumveka bwino", chifukwa mawu amenewo samuuza choti asinthe. Ndinatenga nyimbo zimene ndimazidziwa kuyambira makutu ali bwino, ndinaziimbitsa m'chipinda chake, ndipo ndinkamusonyeza malo enieni pamene mawu akusweka iye n'kumasintha ine ndikumvetsera. Mupemphenso kuti ayeze ndi kachubu kakang'ono kolowetsa m'khutu kuti aone mawu amene akufikadi pafupi ndi nembanemba ya khutu lanu, osangodalira zimene kompyuta yasankha. Akatswiri ena sanaphunzire zambiri za nyimbo, ndipo zingawathandize kuona malangizo a gulu la Hearing Aids for Music la ku yunivesite ya Leeds ku England, limene linafufuza nkhani yomweyi. Ubongo nawonso umafuna nthawi kuti uzolowere, choncho muyambe ndi nyimbo za choimbira chimodzi kapena ziwiri musanabwerere ku gulu lalikulu.

Mwinimahedifoni:

Funso la besi silinayankhidwe, ndiye ndiikepo mawu. Ngati kumapeto kwa chipangizo chanu kuli kalabala kokhala ndi timabowo, monga amapatsira anthu ambiri amene amamva bwino mawu onenepa, besi yochokera pa Bluetooth imathawira kunja kudzera m'timabowomo. Noti yotsikitsitsa ya piyano ili pa 27.5 Hz (kunjenjemera ka 27.5 pa sekondi), ndipo kasipika kakang'ono ka m'chipangizomo sikangaitulutse m'khutu losatsekeka. Mutseke makutu ndi zala pang'ono nyimbo ikulira, mudzamva besi ikubwerera. Kalabala kotseka kamathetsa zimenezi, kungoti mawu anu omwe ndi kutafuna kwanu zimayamba kumveka mokuluwika m'mutu.

Pa masipika a kunyumba timabowoto timakuthandizani, chifukwa besi imalowa m'khutu mwachindunji, chipangizo n'kungowonjezera mawu opyapyala. Ine ndikafuna kumvetsera mofatsa ndimavula zipangizo, ndimavala mahedifoni ophimba khutu lonse, ndipo ndimakweza mawu opyapyala pa ikwalaiza (chida chokwezera kapena kutsitsira mawu opyapyala ndi onenepa paokhapaokha) motsatira zotsatira za kuyezedwa kwa makutu anga, khutu lililonse palokha. Njira imeneyi imagwira bwino kwa amene makutu sanafooke kwambiri, koma musamale ndi voliyumu, popeza khutu lofooka limathanso kuwonongeka ndi phokoso ngati lina lililonse.